Mapu a Mangochi amajambulidwira kutali

Mukangowoloka mlatho wa Bakili Muluzi kuchokera pa boma la Mangochi, msewu umagawikana. Wina umalunjika kummawa, kukwera mapiri a Chowe, kudutsa Namwera mpaka pa chipata cha Chiponde. Winawo umakhotera kumanzere, kutsata gombe la nyanja kudzera ku Malindi ndi Lungwena, kukathera kwa Makanjira, ulendo wa makilomita pafupifupi 100. Woyambawo ndi wa tara ndipo mathiraki amauyenda chaka chonse. Wachiwiriwo wakhala nyimbo ya pa misonkhano ya ndale kwa zaka zosawerengeka. Mvula ikalimba mitsinje imadula njira, matola amakwera mtengo, odwala amavutika kufika ku chipatala cha boma, ndipo ena amaona kuti kukwera boti kuwolokera ku Salima n'kwapafupi kusiyana n'kubwera ku boma kwawo.

Mukafunsa chifukwa chake, yankho la pa bawo ndi lakuti ndi ndale: uyu sanativotere, uja analibe nduna. Zoona zilimo ndithu. Koma pali chifukwa china chomwe sitichitchula kawirikawiri, mwina poti chimachitikira m'zipinda zomwe sitilowamo. Msewu wa ku Chiponde uli pa mapu a mayiko a kummwera kwa Africa, ndipo ndi gawo la njira yopita ku doko la Nacala ku Mozambique, yomwe amaitcha Nacala Corridor. Wa kwa Makanjira suli pa mapu amenewo, chifukwa sukupita ku doko lililonse kapena ku mgodi uliwonse. Ukupita kwa anthu basi. Ndipo masiku ano ndalama zikuluzikulu zomangira misewu zimatsata mapu a chigawo chonse, zisanayang'ane mapu a khonsolo.

Zakuti tsogolo la dera lino lizikonzedwa kutali sizinayambe lero. M'zaka za m'ma 1800 kwa Makanjira sikunali kumapeto kwa dziko ngati momwe tikuonera panomu. Kunali pakati pa malonda. Zombo zinkawoloka nyanja kubwera kumeneko, amalonda n'kupitirira wapansi kulowera ku gombe la nyanja ya mchere, atasenza minyanga ya njovu, komanso, tisabise, atamanga anthu ogwidwa ukapolo. Mafumu monga Makanjira, Mponda ndi Jalasi anali ndi mphamvu chifukwa njira inkadutsa m'manja mwawo. Mu 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana za malire, Harry Johnston n'kumanga linga lomwe linadzatchedwa Fort Johnston, ndipo njira yakummawa ija inadulidwa. Abale amodzi anapezeka ena ali ku Nyasaland, ena ku dziko la Apwitikizi. Malonda anatembenukira kummwera, kutsata Shire. Dera lomwe linali khomo linasanduka kuseri kwa nyumba, osati chifukwa anthu ake anachita ulesi, koma chifukwa mzere unajambulidwa ku Ulaya.

Mabungwe a mayiko omwe tili nawo lero anabadwa pofuna kukonza zina mwa zimenezi. SADCC inakhazikitsidwa ku Lusaka pa 1 April 1980, cholinga chachikulu chili kuchepetsa kudalira South Africa ya tsankho, makamaka pa mayendedwe a katundu. Dziko lililonse linapatsidwa gawo loti liziyendetsa. Mozambique inatenga za mtengatenga ndi mtokoma, ife a Malawi tinapatsidwa za nsomba za m'nyanja ndi m'mitsinje, nkhalango ndi nyama zakuthengo. Amene anali akuluakulu nthawi imeneyo akukumbukira zomwe nkhondo ya ku Mozambique inatichita: njanji za ku Beira ndi ku Nacala zinaima, katundu wathu n'kumazungulira ku Durban ndi ku Dar es Salaam pa mtengo wowawa, asilikali athu n'kukalondera njanji ya Nacala, anthu othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi n'kulowa m'dziko muno. Phunziro linali lomveka: dziko lopanda doko silingakonze chitukuko chake lokha. Mu 1992 ku Windhoek bungweli linasanduka SADC, ndipo likulu lake lili ku Gaborone.

Kuchokera pamenepo maganizo omwe analamulira ndi a njira zikuluzikulu zamalonda. Amatenga doko, amatenga mgodi kapena mzinda wa kumtunda, n'kulumikiza ziwirizi ndi njanji, msewu, magetsi ndi zipata zosachedwetsa, poyembekezera kuti chitukuko chidzamera m'mphepete. SADC inavomereza pulani yake yaikulu ya zomangamanga mu 2012, chaka chomwechonso African Union inavomereza yake ya Africa yense yotchedwa PIDA. Banki ya African Development Bank ikamasankha msewu woti iikepo ndalama, imayang'ana mapepala amenewa. Ndi momwe msewu wa Liwonde mpaka Mangochi, wa makilomita pafupifupi 75, unakonzedwera mwatsopano: unali gawo lachinayi la ntchito ya msewu wa Nacala, ntchito yomweyo yomwe inamanga msewu wolambalala mzinda wa Lilongwe, msewu wa Nampula mpaka Cuamba ndi wa Cuamba kudzera ku Mandimba mpaka Lichinga. Amene timakumbukira maenje a pakati pa Ulongwe ndi Mangochi, ndi momwe minibasi inkayendera chozembazemba ngati woyendetsa waledzera, sitinganyoze ntchito imeneyo. Koma tisadzinamize kuti anatikonzera chifukwa anamva kulira kwathu. Tinapezeka tili pa mzere.

Njanji ndiye inatilambalala. Imadutsa Nkaya, Liwonde ndi Nayuchi, monga yakhala ikuchitira kuyambira 1970, ndipo kampani ya ku Brazil ya Vale itaikonza ndi kuiwonjezera kuti ifike ku Moatize, mtunda woposa makilomita 900 kuchokera ku gombe, chomwe inkafuna chinali kutulutsa malasha. Mu 2022 Vale inagulitsa mgodi ndi njanjiyo kwa kampani ya Vulcan. Mukaima pa Liwonde n'kuwerenga mabogi a malasha akudutsa, mumvetsa kuti njirayi inamangidwira chiyani. Feteleza, mafuta ndi nandolo wathu zimakwera nawo, koma mwini ulendo ndi malasha.

Anthu amakonda kuyerekeza SADC ndi European Union, ndipo kuyerekezako kuli ndi phindu ngati tiyang'ana pamene pali kusiyana kwenikweni. Ngakhale ku Ulaya, likulu la bungwelo ku Brussels lilibe mphamvu youza mzinda kuti msika ukhale apa, manda akhale apo. Chikalata chawo cha kakonzedwe ka malo chomwe anagwirizana ku Potsdam mu 1999 sichikakamiza dziko lililonse. Mphamvu yawo ili m'thumba ndi m'malamulo a zachilengedwe. Ali ndi thumba la chitukuko cha zigawo lomwe linayamba mu 1975, ndipo ndalama zochepetsa kusiyana pakati pa madera zimatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a bajeti yonse. Chigawo chomwe chuma chake pa munthu aliyense chili pansi pa 75 peresenti ya mulingo wa bungwe lonse ndi chomwe chimalandira zambiri. Choncho khonsolo ya kumudzi ku Poland kapena ku Portugal imalemba mapulani ake ikudziwa kuti umphawi wake ndi chiphaso cholowera pa mzere wa ndalama. Kumeneko ndalama imafunafuna dera lotsalira. Kuno imafunafuna katundu wolemera. Mwa muyezo wa ku Ulaya, Makanjira, Katuli ndi Chilipa akanakhala oyamba. Mwa muyezo wa njira zamalonda, ndi omaliza.

SADC ilibe thumba lotere lomwe likugwira ntchito mokwanira. Nkhani yolikhazikitsa yakhala ikukambidwa pa misonkhano ya atsogoleri chaka ndi chaka. Ilibenso mano. Khoti lake la ku Windhoek litagamula mu 2008 kuti boma la Zimbabwe linalakwira alimi omwe linawalanda minda, atsogoleri anaimitsa khotilo mu 2010 m'malo moimitsa zolakwazo. Ndiye mphamvu ya SADC pa nthaka ya Mangochi imadza mozungulira. SADC ijambula mzere, obwereketsa ndalama monga African Development Bank ndi World Bank asankha pa mizereyo, boma ku Capital Hill lisainira ngongole, a khonsolo n'kumva makina atafika kale. Ngongoleyo tidzabweza tonse, ndi a kwa Makanjira omwe.

Wina anganene kuti ndiye tingochita zathu, osadikira anzathu. Tinayesapo. Mu October 2010 Bingu wa Mutharika anatsegulira doko la Nsanje, Robert Mugabe ndi Rupiah Banda ali pomwepo, koma mtsogoleri wa Mozambique, mwini madzi omwe zombo zinayenera kudutsamo, sanabwere. Chombo choyesera chinagwidwa m'njira, ndipo dokolo lakhala chipilala cha simenti kufikira lero. Chodabwitsa n'chakuti Bingu yemweyo anali atatsogolerapo COMESA monga mlembi wamkulu woyamba, bungwe la zamalonda lomwe linakhazikitsidwa ku Lilongwe konkuno mu December 1994. Ngati munthu wodziwa mabungwe amenewa mkati ndi kunja anagwa m'mbuna yotere, ndiye kuti palibe chidule. Mgwirizano ndi wofunika. Funso langa ndi lakuti ukamafika pansi pano, umafika kwa ndani.

Pitani pa Chiponde mukaone amayi a geni. Amawoloka kupita ku Mandimba kukaoda zitenje, mafuta ophikira, sopo ndi zina, ena amapititsa tomato, nyemba ndi nsomba zouma. COMESA ili ndi ndondomeko yofewetsera amalonda ang'onoang'ono: katundu wosapitirira madola 2,000 a ku America, ngati ali pa mndandanda womwe mayiko awiri anagwirizana, amadutsa ndi pepala losavuta. Mayi wa ku Mchinji wopita ku Chipata amatha kupindula nayo, ndipo chipata chimodzi cha Mchinji ndi Mwami, pomwe a mayiko onse awiri amagwirira ntchito pamodzi, chinatsegulidwa mu December 2022. Koma Mozambique inatuluka mu COMESA m'zaka za m'ma 1990, Tanzania n'kutsatira mu 2000. Mayi wa ku Namwera ndiye kwa zaka zambiri wakhala akudalira mapangano a SADC ndi a pakati pa mayiko awiriwa, omwe mapepala ake analembedwa poganizira kampani yokhala ndi kalaliki wodziwa za msonkho. Amayi awiri a dziko limodzi, geni imodzi, koma malamulo osiyana chifukwa cha bungwe lomwe dziko loyandikana nalo linasankha kulowa. Zotsatira zake aliyense wa kumeneko amazidziwa: njira za m'tchire, njinga za kabaza usiku, ndi kena kake kopatsa wina kuti ayang'ane kumbali. Nandolo naye amayenda chimodzimodzi. Mu 2021 India inagwirizana ndi Malawi kuti izigula matani 50,000 pachaka, pomwe Mozambique inali kale ndi pangano lalikulu kuposa pamenepo, ndipo mtengo ukakoma tsidya linalo matumba a kuno amadziwa okha njira.

Pulani yomanga chipata chimodzi pa Chiponde ili m'gawo lachisanu la ntchito ya msewu wa Nacala. Ndi nkhani yabwino kwa mwini thiraki yemwe amataya masiku pa malire. Koma walira mvula walira matope. Malo oima mathiraki amabwera ndi malo ogona alendo, mabala, zinyalala, matenda, ndi anthu a ndalama ochokera ku Blantyre ndi Lilongwe ofuna mapoloti m'mbali mwa msewu. Iwowo amamva msanga za mapulani amenewa kusiyana ndi mwini munda, choncho amagula motchipa kwa munthu yemwe sakudziwa kuti nthaka yake yatsala pang'ono kukwera mtengo. Apa ndi pamene khonsolo ikanayenera kutsogola, kuika padera malo a msika, a depoti, a sukulu, a ngalande ndi a chipatala nyumba zisanathithikane. Lamulo lilipo: la mu 2016 la kakonzedwe ka malo linati dziko lonse, ndi midzi yomwe, liyenera kukhala ndi mapulani. Koma ofesi yokhala ndi anthu owerengeka, yopanda galimoto yodalirika, singayang'anire boma la anthu oposa 1.1 miliyoni monga anatiwerengera mu 2018. Ngongole imalipira tara ndi nyumba za pa chipata, siilipira wojambula mapu a tawuni yomwe imere pambali pake.

Nyanja nayo si yathu tokha monga timaganizira tikamasamba pa gombe. Madzi otuluka pa Mangochi amalowa mu Malombe, kutsika ndi Shire, kupukusa makina a magetsi pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kenaka kukathira mu Zambezi ku Mozambique. SADC ili ndi pangano la madzi ogawana lomwe linakonzedwanso mu 2000, ndipo mayiko 8 a m'chigwa cha Zambezi ali ndi bungwe lawo la ZAMCOM lomwe pangano lake linasainidwa ku Kasane mu 2004. Mfundo yake ndi yakuti wakumtunda asachite ndi madzi zopweteka wakumunsi. Zitseko za pa Kamuzu Barrage ku Liwonde, zomwe zinamangidwa mu 1965 n'kukonzedwanso ndi ndalama za World Bank, amatsegula ndi kutseka ndi akuluakulu a dziko lino, koma sangazitsegule poganizira Mangochi yokha. Mu 2024 nyanja itakwera n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo, kuno anthu ankakuwa kuti tsegulani madzi apite. Kumunsi, a ku Chikwawa ndi Nsanje, omwe anali asanapole mabala a anamondwe Ana ndi Freddy, ankaopa zomwezo. Ndinamvera chisoni mabanja omwe anasamuka, makamaka asodzi omwe alibe kwina kopita. Koma kwa ena omwe anamanga nyumba zapamwamba mpanda uli m'madzi, akudziwa kuti malamulo amaletsa kumanga kufupi chotero, chisoni changa chinali chochepa.

Nkhani ya phiri la Nkhudzi ndi yomwe inandisautsa maganizo kwambiri. Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse chifukwa cha mbuna, tinsomba ta m'miyala tomwe kwina kulibe. Ulemu umenewu umabwera ndi zingwe zake. A Southern Region Water Board atafuna kumanga thanki ya madzi pa phirilo, lomwe lili m'kati mwa malo otetezedwawo, mabungwe oona zachilengedwe anakamang'ala kukhoti, a UNESCO nawo n'kuonetsa nkhawa. Mbali inayi kunali midzi ya m'mphepete mwa nyanja yomwe imamwa madzi osatetezeka ikuyang'ana nyanja yaikulu chotere, m'boma lomwe kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu ambiri. Thankiyo inamangidwa. Ine ndinali mbali ya madzi, ndipo sindinasinthe. Komabe ndikuvomereza kuti popanda maso akunja aja, mwina mapiri onse a kwa Nankumba akanakhala atagawidwa kale mapoloti. Lamulo lochokera kutali nthawi zina limateteza chinthu chomwe eni ake, njala ikawapana, akanagulitsa.

Pa nsomba ndiye pali manyazi pang'ono. Ife amene tinapatsidwa udindo wa nsomba m'chigawo chonse, amene tili ndi sukulu ya za usodzi ku Mpwepwe, ndi amene tinaonerera chambo chikutha mu Malombe. Makomiti a m'madoko anayambira ku Malombe komweko mu 1993, pangano la SADC la za nsomba linasainidwa mu 2001, Mozambique inateteza mbali yake ya nyanja mu 2011. Koma usipa sudziwa malire, ndipo msodzi wa chilimira akaona kuti kuno kwatsekedwa pomwe tsidya lina akupha, amapalasa n'kupita. Nyengo yotseka nyanja ya dziko limodzi pa madzi a mayiko atatu imalanga womvera malamulo yekha.

Tsopano tili ndi Malawi 2063, yomwe inakhazikitsidwa mu January 2021 motsanzira Agenda 2063 ya African Union, ngakhale chaka chomwe chili m'dzinalo chikuchitira umboni. Imodzi mwa nsanamira zake zitatu ndi kukuza mizinda, ndipo Mangochi pamodzi ndi Monkey Bay zili pa mndandanda wa mizinda 8 yomwe akufuna ikule kuti ipepuze Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Inayo ndi Karonga, Nkhata Bay, Kasungu, Salima ndi Chipoka, Liwonde, Luchenza ndi Bangula. Ikani mayinawa pa mapu muone: pafupifupi onse ali pa njanji, pa doko la nyanja kapena pa msewu waukulu wopita kunja. Maganizo a njira zamalonda aja alowa mpaka m'mapulani athu a m'dziko. Pomwe ku mudzi, a komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC) amakhala pansi pa mtengo kulemba zofuna zawo, n'kupereka ku komiti ya chitukuko ya dera (ADC), ADC n'kupereka ku khonsolo, monga ndondomeko ya mphamvu ku anthu ya mu 1998 imanenera. Zomwe zimatuluka m'njira imeneyi ndi mjigo, chipinda chophunziriramo, kamlatho ka matabwa. Zinthu zosintha nkhope ya boma lonse sizidutsa pansi pa mtengo paja. Sindinamvepo khansala akufotokozera anthu ake zomwe zili mu pulani ya SADC, ndipo sindimuimba mlandu, poti naye palibe anamuitana pomwe ankailemba. Chikhala kuti aphungu ndi makhansala athu amawerenga mapepala amenewa, bwenzi akumenyera kuti pangano lililonse la msewu waukulu lizikhala ndi gawo la misewu ing'onoing'ono yolumikiza midzi ku msewuwo, ndi ndalama zojambulira mapu a misika yomwe ili m'njira. Obwereketsa amamva chilankhulo chimenecho kuposa kulira kwa pa msonkhano.

Pali njira ina yaikulu yomwe ili pa mapu a munthu aliyense wa ku Mangochi koma siili pa mapu a Gaborone: ya ku Joni. Agogo athu ankapita ndi Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito ya ku migodi, mpaka Kamuzu ataimitsa mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha anthu obwerera kumudzi. Kenaka kunali Teba, yomwe inatha chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Lero achinyamata amapita okha, pa basi kapena pa thiraki, kudzera ku Mwanza kapena Dedza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, ambiri ndi chilolezo cha masiku ochepa chomwe chimatha iwo akadali pa ntchito ya m'munda wa maluwa kapena m'shopu. Yendani kwa Chimwala, kwa Jalasi, kwa Bwananyambi, muwerenge nyumba za malata ndi njerwa zootcha, mashopu, zigayo, njinga zamoto ndi mizikiti yopakidwa penti watsopano. Zambiri mwa zimenezo ndi ma rand. Palibe banki ya chitukuko yomwe yamanga nyumba zochuluka chotero m'boma lino.

SADC inalemba pangano lofewetsa kayendedwe ka anthu mu 2005, koma mayiko okwanira sanalivomereze kuti liyambe kugwira ntchito. La malonda linasainidwa mu 1996, ndipo pofika 2008 katundu wambiri anayamba kudutsa wopanda msonkho. Ndiye thumba la simenti lochokera ku South Africa lili ndi pangano loliteteza pa malire, koma mnyamata yemwe anatumiza ndalama yoligulira alibe. Akagwidwa amakasungidwa ku Lindela, komwe amasunga alendo odikira kubwezedwa kwawo, ndipo ziwawa zothamangitsa alendo zikabuka, monga mu 2008 ndi 2015, mabasi obweza anthu kumudzi amadzaza ndi ana a ku Mangochi ndi Machinga. Akafika amapeza nyumba ili pa lintala, pa poloti yomwe anagula kwa amfumu pa foni, m'dera lomwe palibe anasiya mpata wa msewu kapena ngalande. Amakhala miyezi ingapo, kugulitsa njinga yamoto ija, n'kuyambanso kufunsa mtengo wa basi.